Tebulo Lagalasi

Mwana wanga, amene timamutcha Kabatani, ali ndi otizimu, vuto lobadwa nalo la kakulidwe ka ubongo. Phokoso limamulasa m'makutu, ndipo anthu akamuyang'ana ambiri amasowa pothawira. Tikakumana banja lonse pa tchuthi kwa bambo anga, chimene chinkamupulumutsa ndi tebulo lakale la pabalaza, lansalu yofika pansi. Zikamuchulukira ankalowa kunsi kwake. Agogo akewo, telala wopuma ntchito, ankapisa dzanja kuseri kwa nsaluyo n'kumamupatsira mabatani limodzilimodzi, iye n'kumawandandalika pansi. Macheza awo anali omwewo basi.

Chaka chino bambo anali atatheratu ndi matenda. Pafoni anangoti, "Ubwere naye mnzanga uja. Mabatani ndasunga."

Sabata yonse ndinkamukonzekeretsa mwanayo: kukakhala wailesi, kukakhala azakhali olankhula ngati akuitana munthu kutsidya, koma tebulo lako lilipo.

Titafika, achimwene anga, akalipentala odzitama, anatichingamira mano onse ali pamtunda.

"Mlongo, taona mphatso imene ndawapangira madala. Chitebulo chofumbwa chija ndachiwaza nkhuni."

Pabalaza panali tebulo latsopano, pamwamba pake galasi lokhalokha, nsalu palibe. Nyumba yonse inkadziwa kuti mwanayu amalowa kunsi kwa tebulo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzifunsapo kuti amakafunako chiyani.

Alamu anakweza wailesi, ana anayamba kuthamangitsana, azakhali n'kumutsina tsaya Kabatani. Iye anatseka makutu n'kukwawira kunsi kwa tebulo, monga ndinamuuzira. Atakweza maso, anaona nkhope zonse zili pagalasi, zikumuyang'ana. Kukuwa kwake sindidzakuiwala.

Achimwene anathamangira bulangeti kuti aphimbe galasilo, koma zinali zitaipa kale. Ndinamunyamula mwanayo kupita naye m'galimoto, ndikutukwana chamumtima. Bambo anayesa kudzuka pampando kuti atitsatire, miyendo inakana. Anangotuma achimwene ndi chitini cha mabatani, ndipo Kabatani sanachiyang'ane n'komwe.

Mwezi wotsatira tinawaika m'manda bambo. Achimwene ndimafuna kuwakalipira mpaka lero, koma ndiyambira pati, munthu anangofuna kusangalatsa bambo ake? Zimandiwawa kwambiri.

Kunyumba kwathu tebulo ndinaliyalira nsalu yaitali. Kabatani amalowa kunsi, n'kutulutsa kadzanja kuti alandire. Ndikamuikira batani, amagwira zala zanga kaye, kenako n'kulikankhira kunja. Akatero amatulutsanso dzanja, n'kumadikira zala za agogo ake.