Makutu a Nicandro

Ndinatsika basi Loweruka m'mawa. Mzinda wa Mexico unali mmene ndinausiyira. Utsi, mahutala, fungo la mafuta okazingira. Ndinabadwira muno koma ndilibemo nyumba. Ndinalunjika kumsika wa Chopo.

M'chikwama munali malaya, mswachi ndi chimbale chimodzi chokulunga m'thaulo. Chinachokera ku Valdivia, kummwera kwa Chile, kumene mvula sikata. Ndinakhalako nyengo yonse yozizira, ndikutsuka mbale m'malo odyera. Masana ena ndinathawira mvula m'galaja ya munthu. Ndinapeza bandi ikuyeserera. Anyamata atatu, ndi mtsikana pang'oma. Woimba anali chimunthu chandevu, mawu ake ngati akuchokera pansi pa chitsime. Magitala oyenda mwaulesi. Nyimbo zoti palibe wailesi ingaziike. Zimbale anadinda zochepa, mwa iwo okha. Ndinagula chimodzi. Sindinachitsegule.

Ndi lamulo lathu, ine ndi msuweni wanga Nicandro. Ine ndimayenda, ndimafukula. Iye amakhala, ali ndi galamafoni. Chimbale chatsopano timachimva koyamba tili awiri, m'chipinda mwake. Osalankhula. Osadumpha nyimbo. Mbali imodzi ikatha, iye amadzuka n'kutembenuza. Chikatha chonse ndiye timakangana. Mikangano imeneyo ndiyo imandibweza kuno. China palibe. Mayi anamwalira. Nyumba inagulitsidwa. Mkazi amene ndinali naye anatopa n'kudikira.

Kumapeto kwa msika, matebulo akatha, ndi kumene anthu amasinthana. Amangoima, zimbale atazikumbatira pachifuwa, zikuto zikuyang'ana kunja. Ndalama sizilowapo. Wina akanena zake, iwe n'kugwedeza mutu, zatha. Chachoka m'manja sichibwerera. Nicandro wakhala akuima pamenepo, pafupi ndi mtengo wamagetsi wopindika, kuyambira tsitsi lake lili lakuda.

Pamtengopo panalibe munthu.

Koma zimbale zake ndinaziona. Amazidonthezera inki yobiriwira pakona. Kadontho kena kanali pachifuwa cha mtsikana wometa mbali imodzi. Kena m'manja mwa bambo wa jekete lachikopa. Kachitatu kanali ndi Rutilio, mnzathu wakalekale, wamimba ndi tsitsi lofika m'chiuno.

"Efraín? Ukadali moyo?" anatero Rutilio. "Tinamva kuti nsomba za ku Chile zinakudya."

"Zinandilavula. Icho wachitenga kuti?"

Chinali chimbale cha atsikana awiri a ku Rosario, oimba ndi kakiyibodi ka ana. Ndinachibweretsa ndine. Nicandro ankati tidzamuike nacho m'manda.

"Tinasinthana, aise."

"Unamupatsa chiyani?"

Anakanda mimba. Anayang'ana kumbali.

"Cha nyimbo za Khirisimasi."

Ndinamuyang'anitsitsa.

"Usandiyang'ane choncho. Si ine ndekha. Msuweni wako wafewa. Ungonena chilichonse, iye amangogwedeza mutu. Uyo wa jeketeyo anati, ndikupatsa chimodzi, undipatse mulu wonsewo. Anagwedeza. Poona zikuchoka anayamba kulalata, koma anali atagwedeza kale. Lamulo ukulidziwa."

"Wayamba kumwa?"

"Akanakhala womwa bwenzi tikumvetsa. Pano anangosiya kubwera."

Nicandro amakhala pafupi, ku Guerrero, m'nyumba yosanja yokhala ndi masitepe onunkha mphaka. Anatsegula ndi mkazi wake, Maricruz. Manja ali ufa okhaokha.

"Alamu. Mwaonda ngati ndodo ya tsache."

"Ndi mafashoni a kumene ndachokera."

Sanaseke. Anatulukira panja, n'kukoka chitseko kumbuyo kwake.

"Musanalowe, ndikuuzeni kaye..."

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Nicandro, wopanda nsapato, magalasi ali pamphumi.

"Mwendanjira wabwera," anatero. Mawu ake anadzaza masitepe onse. "Taona nkhope. Kumeneko sakudyetsa? Lowa. Wandibweretsera chiyani? Ngati ndi za magitala a udzudzu zija, bwerera nazo."

"Inu asuweni, mukukuwiranji? Ndili pompano."

"Eya, eya," anatero, n'kundikoka mkono.

Chipinda chinali chomwechija. Mipando iwiri yong'ambika, pansi pa matabwa, masipika awiri ngati mabokosi a maliro a ana. Mashelefu okha ndiwo anali ndi mipata, ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Analankhula osapuma. Za ntchito yake kumakina osindikizira, za lendi, za bondo. Funso analibe nalo malo. Atatembenuka kukatseka zenera ndinati, "Ndakumana ndi Rutilio. Ali ndi cha ku Rosario." Sanacheuke. Ndinati ndi manyazi. Ndinazisiya.

Ndinavundukula thaulo. Chimbale anachilandira ndi manja awiri. Pachikuto panali galu wonyowa pamalo odikirira basi. Anang'amba pulasitiki ndi chikhadabo, n'kununkhiza m'kati monga amachitira nthawi zonse.

"Fungo la anthu osauka," anatero. "Chabwino. Olemera saimba."

Kapepala ka pakati pa chimbalecho kanali kakuda bii, kopanda chilembo. Anachiika pagalamafoni. Anatsitsa singano. Anakhala pampando wake, mapazi onse awiri pathabwa.

Zimbale zazikulu zimazungulira pang'onopang'ono. Tating'ono timathamanga. Pali kabatani kosinthira, mbali iyi 33 ya zazikulu, mbali iyo 45 ya tating'ono. Chathu chinali chachikulu. Kabatani kanali pa 45.

Nyimbo inatuluka ngati yothamangitsidwa. Ng'oma zikugubuduka. Magitala akulira ngati mbale zikugwa. Chimunthu chandevu chija chikuimba ndi mawu a mbewa.

Aliyense wa zimbale zinamuchitikirapo. Umadumpha, umatukwana, umaseka. Nicandro kale ankazindikira singano isanamalize mzere woyamba. Ndinamuyang'ana, kuseka kuli pakhosi.

Ankagwedeza mutu. Pang'onopang'ono, mwaulemu, milomo ataitulutsa ngati munthu wolawa msuzi. Chala chikugogoda pabondo. Chinkatsatira kunjenjemera kwa thabwa.

Kuseka kunabwerera m'mimba.

Lamulo likuti osalankhula. Ndinakhala duu. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri. Ija ndinaikonda m'galaja, ya bambo woyang'ana mtsinje, inadutsa ngati nyimbo ya katuni. Ndinayang'ana msuweni wanga. Kale ankamvera atatsinzina. Tsopano diso limodzi linali pamkono wa galamafoni, kuuonerera ukusendera pakati. Pakhomo panaima Maricruz, akupukuta manja amene anali atauma kale.

Mkono unafika pakati. Nicandro anadzuka. Anaphwanya yekha lamulo.

"Zovina," anatero, akutembenuza chimbale. "Wayamba zovina ukalamba uno? Koma ana awa ali ndi moto. Wang'omayo ngati akuthawa apolisi."

Ndinaimirira. Ndinafika pambali pake. Ndinakankha kabatani kupita pa 33.

Anakayang'ana. Anakayang'anabe. Dzanja logwira mkono wa galamafoni linangouma m'malere. Kenako anaubwezera pogona pake, mosamala, ngati pali wina ali m'tulo.

"Maricruz," anatero osacheuka, "unayikamo tating'ono tija?"

Mkaziyo anabwera kudzaima patsogolo pake, kuti amuone pakamwa.

"Dzulo, ndikukolopa. Ndinaiwala kubwezera."

"Waona? Mkazi uyu. Zaka zonsezi sanaphunzire."

"Nicandro."

"Ndangonena."

Anakhala pansi. Anavula magalasi pamphumi n'kuwavala. Anandilozera mpando.

"Ubweretse apa. Moyang'anizana. Ndevu zakozo ukanameta, zikunditchinga."

Ndinaukoka. Mawondo athu anatsala pang'ono kugundana.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Usakuwe. Kukuwa kumapotoza milomo. Khutu lamanzere linatseka kaye. Lamanja latsala ndi kaphokoso, ngati firiji ya m'nyumba ya eni. Makina a kuntchito mbali iyi, masipika mbali iyo. Dokotala akuti ndinadya makutu anga ndekha."

"Tija toika m'khutu?"

"Tili m'kabati. Pa mawu a anthu timathandizako. Nyimbo zimamveka ngati masipuni m'ndowa."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuze kuti? Uli ndi keyala iwe?"

Maricruz anabwerera kukhitchini. Tinamva poto akugunda. Ayi, ndinamva ndine ndekha.

"Ku Chopo akudziwa?"

"Adziwe kuti Nicandro ndi gonthi? Bola azinditenga ngati chitsiru. Chitsiru chimachira."

Anayang'ana mashelefu. Anayang'ana galu wa pachikuto.

"Si zovina, eti?"

"Ayi."

"Zolira?"

"Zolira."

"Ndinadziwa. Iwe sungagule chosangalatsa ngakhale atakulipira." Anapuma. "Bwezera mbali yoyamba. Uzindiuza."

"Lamulo, asuweni."

"Lamulo ndinapanga ndine. Bwezera."

Ndinatembenuza. Ndinatsitsa singano. Aka kanali koyamba kugwira galamafoni yake. Kuthetheka pang'ono, kenako gitala, m'liwiro lake lenileni. Chipinda chinadzaza mvula ya ku Valdivia. Iye maso ali pakamwa panga.

"Gitala walowa," ndinatero.

"Walowa bwanji?"

"Pang'onopang'ono."

"Aliyense amalowa pang'onopang'ono, mbuzi iwe. Ngati chiyani?"

Ndinaganiza.

"Mukukumbuka anyamata a ku Montevideo aja? Chikuto cha njinga? Nyimbo yotsegulira mbali yachiwiri."

"Eya."

"Choncho. Koma wotopa. Ngati zingwe zachita dzimbiri."

Anatsinzina pang'ono. Anatsegula.

"Ndamumva. Pitiriza."

"Besi ili kumbuyo kwenikweni. Sikufuna kuoneka."

"Imeneyo ndikuimva kumapazi. Usanditayitse nthawi. Woimba?"

"Mwamuna. Mawu akuya. Ngati mdala uja tinamuonera ku Puebla, wa malaya a maluwa, atasiya kusuta mochedwa."

"Amafika pamanoti?"

"Amaphonya pang'ono. Mwadala."

"Mwadala," anatero, akuseka ndi mphuno. "Onse osadziwa kuimba mumati mwadala."

"Mumvere kaye musana..."

Ndinaluma lilime. Iye anangokupiza dzanja kuti ndipitirize.

Tinayenda choncho nyimbo ziwiri. Ine kutola zidutswa m'zimbale zakale, iye kuzilumikiza m'mutu. Zinkatheka. Nkhope yake inayamba kubwerera. Anatsutsa kuti kiyibodi singalowe pamene ndinanena, kuti ana amenewo sadziwa kudikira. Ndinati akulakwa. Anati ndakhala wogontha kuyambira kubadwa. Maricruz anasuzumira, n'kubwerera msanga. Ndinayamba kuganiza za kachipinda ka lendi chapafupi. Ntchito yotsuka mbale ili paliponse.

Ndiye inafika yachitatu, ya mtsinje.

Imayamba wamba. Gitala, mawu. Chapakati zonse zimaima. Mtsikana wang'oma amasiya ndodo. Amayamba kuimba pansi pa mawu a mwamunayo, osati mogwirizana naye, osatinso motsutsana. Gitala wachiwiri amagwira noti imodzi n'kuipinda mpaka itasanduka chinthu china. M'galaja muja pamenepa ndi pamene ndinaiwala kuti nsapato zanga zadzaza madzi. Ndi chifukwa chake ndinanyamula chimbalechi m'mabasi a mayiko onsewo, nditachikumbatira ngati khanda.

Ndinasiya kulankhula.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa. "Thabwa lazizira."

"Ng'oma zaima."

"Ndiye?"

"Mtsikana akuimba."

"Ngati ndani? A ku Rosario?"

"Ayi."

"Uja wa ku Lima, wonong'ona?"

"Ayi. Si choncho."

"Nanga ngati ndani?"

Ndinafufuza mashelefu onse a m'mutu mwanga. Zimbale zonse tinamvera m'chipinda chino. Panalibe. Tsitsi la m'mikono mwanga linali litaima. Iye analiona.

"Lankhula, Efraín. Ikutha."

"Sichifanana ndi chilichonse, asuweni."

Anandiyang'ana pakamwa ngati pakubwera mawu ena. Sanabwere. Ng'oma zinabwerera, thabwa linayambanso kunjenjemera. Nyimbo inatha.

"Sichifanana ndi chilichonse," anabwereza, motsitsa koyamba tsiku limenelo. "Ndiye chimenecho ndi chimene tinkafuna nthawi yonseyi, si choncho? Zinazo ndili nazo kale. Ndikhoza kuziimba ndekha m'bafa."

"Ndiyesenso. Tibwezere."

"Ubwezere kangati?"

Anadzuka. Anakweza singano nyimbo yachinayi ili pakati. Anapukuta chimbale ndi kansalu kake, mozungulira, osathamanga. Anachilowetsa m'chikuto. Anatola thaulo langa pansi, n'kuchikulunga bwino kuposa mmene ndinachitira ine.

"Ndi chabwino?" anafunsa.

"Ndi chabwino kwambiri."

"Sindingakutsutse. Waona vuto lake?"

Anandiika mtolowo pamiyendo.

"Chisiyeni pano," ndinatero. "Ine ndikachimvera pati? Ndilibe ngakhale tebulo."

"Pano chidzangokhala. Tsiku lina ndidzachipereka kwa Rutilio ndi nyimbo za Pasaka. Pita nacho. Ukapeze wina wa makutu."

Anatembenuka, n'kupita kukatsegula zenera. Phokoso la msewu linalowa. Wogulitsa gasi akukuwa, galu, wailesi ya munthu.

"Ndilibe wina," ndinatero.

Ndinauza msana wake. Iye anali atatsamira pazenera, akuyang'ana magalimoto.

Maricruz anandipeza pamasitepe. Anandipatsa tamale, kamkate ka chimanga kotentha, m'pepala.

"Simugona, alamu? Mpando uja umatambasuka."

"Ndibweranso."

"Mubwera liti?"

Ndinayang'ana pepala lija. Mafuta anali atayamba kuboola.

"Mabasi a kumpoto akunyamukirabe pomwe paja?"

"Pomwe paja," anatero. Anakhala pang'ono, kenako analowa n'kutseka.