Tsiku Lomwe Kathumba Anatuluka

Shamimu anaima pachitseko cha kuseri kwa golosale, dzanja lili pa loko, koma osatsegula. Kumapazi ake mphaka anali atakhala phee, maso ali pa kampata ka pansi pa chitseko pomwe kuwala kwa dzuwa kumalowera.

"Amake Ridwan, mlendo ndi mame," anatero mwamuna wake Abdulwahab, yemwe anali pakauntala akuthira shuga m'timapepala. "Koma wanuyu wakana kukamuka. Masabata asanu tsopano."

"Sanachire bwinobwino."

"Iye anachira kale. Amene simunachire ndinu."

Mphakayo Shamimu anamutola ku Mitundu tsiku la msika, atapita kukaoda nyemba. Anamva kulira kuchokera m'thumba la feteleza lomwe linatayidwa kudzala, kukamwa kwa thumbalo atamanga ndi waya. Amayi ogulitsa tomato anamuletsa kuti asaligwire, ati mphaka wotayidwa m'thumba sudziwa mwini wake, sudziwanso chomwe anamutayira. Iye anamasulabe. Mkatimo munali kamphaka kakuda, kowonda, mwendo wakutsogolo utatupa, khutu limodzi litang'ambika. Anabwera nako ku Nathenje pa njinga yamoto, atakafungatira m'nsalu ngati khanda, ndipo ana ake anakatcha Kathumba.

Kuyambira pamenepo Kathumba ankakhala m'chipinda chosungiramo katundu. Mwendo unapola, ubweya unayamba kunyezimira, makoswe omwe ankaboola matumba a mpunga anasowa. Koma fungo la mkodzo linayamba kufika kutsogolo, ndipo makasitomala awiri anali atalitchula kale. Abdulwahab ankanena kuti mphaka si mbuzi yoti uziimangirira, ndipo Shamimu ankadziwa kuti akunena zoona. Chomwe chinkamuumitsa manja ndi msewu waukulu womwe unali kutsogolo kwa golosaleyo, momwe malole opita ku Dedza ankadutsa ngati alibe mabuleki. Kunalinso agalu a kubutchala. Kunalinso pakamwa pa anthu, omwe akaona mphaka wakuda sachedwa kumupezera dzina lina.

Anatchula dzina la Allah chamumtima n'kukankha chitseko.

Kathumba sanathamange. Anatulutsa mutu, ananunkhiza mphepo yozizira ya mu Julaye, kenako anaponda pansi mwendo umodzi n'kuubwezanso ngati dothi likuotcha. Patapita kanthawi anatuluka thupi lonse, mimba ili pafupi ndi nthaka, mchira utatsika. Anafika pa diramu ya madzi, ananunkhiza, n'kucheuka kumuyang'ana Shamimu. Mtima wa mayiyo unayamba kukhala m'malo.

Nthawi yomweyo lole inaliza hutala pamsewu. Kathumba anadumpha, anadutsa pa kabowo ka mumpanda wa udzu, n'kulowa m'chigafa cha oyandikana nawo nyumba.

Oyandikana nawowo anali Zakeyu ndi mkazi wake Felesiya, alimi a fodya. Fodya anali atagulitsa kale, ndiye m'chigafamo ankangosungamo matumba a mtedza. Shamimu anazungulira mpanda chothamanga, patapata mmodzi atavuka. Anapeza Felesiya akuchapa pabwalo, mwana wake wamng'ono Enelesi, yemwe anali asanakwane zaka ziwiri, atakhala pafumbi akusewera ndi chitsekerero cha botolo.

Felesiya atamva kuti Shamimu akuthamangira mphaka anaseka, n'kufunsa ngati tsopano ku golosale ayamba kulera amphaka ngati ana a sukulu. Koma atamva kuti walowa m'chigafa, kuseka kunathera panjira. Anaimirira thovu lili m'manja.

"M'chigafa? Abambo ake Enelesi aikamo tameki m'mawa uno. Amuthira mu usipa. Makoswe atimalizira mtedza."

Shamimu anatembenukira kuchigafako. Tameki ankamudziwa. Chaka chatha anaona galu wa kwa telala akuphupha pamsewu, thovu lili kukamwa, patangopita mphindi zochepa atadya nyama yothiridwa mankhwalawo.

Analowa m'chigafa akuitana, "Pusi, pusi, Kathumba." Munali mdima ndi fungo la fodya wakale. Anasuzumira kuseri kwa matumba, pansi pa mitengo yoyanikira, koma mphaka osaoneka. Felesiya anapita kukaitana mwamuna wake yemwe ankamata tayala la njinga kuseri kwa nyumba.

Zakeyu anabwera akupukuta manja pa thalauza. Sanaoneke wodandaula. Ananena kuti mphaka ndi wochenjera, sadya chinthu asananunkhize, komanso chigafa ndi chake, sangafunse chilolezo kwa mphaka wa eni kuti aphe makoswe ake. Komabe anawerama n'kuyamba kutola tinsombato ndi pepala la pulasitiki. Kamodzi kanali pakona, kena pansi pa thumba, tiwiri m'mbali mwa khoma. Atafika pakhomo anaima. Pa chibenthu cha mbale chomwe chinali pamenepo panalibe kanthu.

"Munaika tingati?" anafunsa Shamimu.

"Tisanu."

"Apa ndi tinayi."

Zakeyu anangoyang'ana chibenthucho. Shamimu anatsamira mzati, m'maso mukubwera chithunzi cha Kathumba akuphupha kwinakwake m'udzu, yekhayekha, monga anam'pezera ku Mitundu. Anam'tulutsa m'thumba kuti adzam'perekenso yekha ku imfa ndi dzanja lake lomwe.

Kenako Felesiya analankhula motsitsa, ngati akudzifunsa yekha. Anati pamene amatunga madzi otsukuluzira, anam'peza Enelesi pakhomo pomwepo pa chigafa, ndipo anam'nyamula kum'bweza pabwalo osaganiza kanthu.

Onse atatu anatembenukira kwa mwana uja. Enelesi anali akadali pafumbi, koma tsopano nkhonya yake inali kukamwa, dovu likutsika pachibwano.

Felesiya anam'tsomphola. Anam'tsegula kukamwa ndi chala, anam'fumbatula manja, anam'nunkhiza mpweya. Mwanayo, podabwa ndi nkhanza za amake, anayamba kulira, ndipo dovu linachuluka. Felesiya sanathe kudziwa ngati linali la mano omwe amamera kapena la chinthu china. Anapereka mwanayo kwa Shamimu kuti nayenso anunkhize. Shamimu anamva fungo la phala ndi fumbi, koma mphuno yake inali itadzaza kale ndi usipa wa m'manja mwa Zakeyu moti sanakhulupirire zomwe amamva.

"Musayembekeze kuti muone," anatero. "Tiyeni kuchipatala."

Anakuwira mwamuna wake pamwamba pa mpanda. Abdulwahab anatseka golosale makasitomala ali pakhomo, anatulutsa njinga yake yamoto, ndipo Felesiya anakwera kumbuyo atakumbatira mwana, opanda nsapato, chitenje chili chonyowa. Zakeyu anathamangira njingayo mpaka kumsewu, kenako anabwerera pang'onopang'ono. Anakhala pa mtondo wogwetsedwa, pepala la tinsomba likadali m'manja.

"Tsoka silinunkha," anatero.

"Ili linanunkha usipa," anayankha Shamimu.

Sanafune kukhala pansi. Anayamba kuzungulira chigafa akupatula udzu ndi ndodo, akuopa chomwe angapeze, akuopanso kusapeza kanthu. Ankachita manyazi kuti ngakhale mwana wa munthu ali panjira ya kuchipatala, mbali ina ya mtima wake inkaitanabe mphaka. Kuseri kwa mulu wa njerwa ndodo inagunda chinthu chofewa. Anatseka maso asanayang'ane.

Inali nkhuku. Thadzi loyera la Felesiya linali litagona chammbali, miyendo itauma, kukamwa kukutuluka madzi. Pafupi ndi mlomo wake panali kamutu ka usipa.

Zakeyu anabwera, anaona, n'kugwira kumutu. Anati ndiye kuti kachisanu ndi kameneka. Kenako anaonjeza, osamuyang'ana Shamimu, kuti mwina anaika tisanu ndi kamodzi, sakukumbuka bwino, poti m'mawa anali pa changu.

Anadikira choncho mpaka dzuwa linafika pamutu. Foni ya Zakeyu italira, anaigwetsa kawiri asanayankhe. Anali Abdulwahab. Anamwino anali atamuyeza mwana, maso ake ndi kupuma kwake zinali bwino, koma anati akhale pomwepo mpaka madzulo amuonetsetse. Zakeyu anaika foni m'thumba n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi khasu ndi kapepala ka tameki wotsala. Anakumba dzenje lakuya kufika m'chiuno kuseri kwa chimbudzi, n'kuponyamo kapepalako, tinsomba tija, chibenthu cha mbale ndi nkhuku yomwe. Munthu wina wodutsa anam'funsa bwanji osangochotsa matumbo n'kudya nyamayo. Zakeyu anangoyamba kukwirira dzenjelo.

Shamimu anabwerera kwake. Anatsegula golosale, anagulitsa sopo ndi machesi kwa anthu omwe nkhope zawo sanazione, n'kumapita kuseri pafupipafupi. Anagogoda mbale ya mphaka ndi sipuni mpaka dzanja linatopa.

Chakumasana, mthunzi wa mpanda utafika pa diramu, anamva kulira kwapansipansi kuchokera pamwamba. Kathumba anali pa nthambi ya mtengo wa mango wa pakati pa nyumba ziwirizo, zikhadabo zitamira m'khungwa, makutu atagona. Shamimu anaima pansi pake n'kumuyang'anitsitsa kukamwa, m'maso, m'mimba momwe mumakwera ndi kutsika. Kukamwa kunali kouma. Anafuna kukatenga makwerero, koma anaona kuti akayandikira, mphakayo amakwera m'mwamba. Choncho anakhala pansi pa mtengowo, mbale ili pamiyendo, n'kusiya kuitana.

Panapita pafupifupi ola. Kathumba anatsika chambuyo, pang'onopang'ono, akuterereka. Atafika pansi anadutsa mbale ija osaiyang'ana, n'kukhuza mutu wake pa bondo la Shamimu. Thupi lake linali lofunda, lonunkha fumbi la fodya.

Njinga yamoto inafika dzuwa likupendeka. Enelesi anali mtulo kumsana kwa amake, ndipo Felesiya sanamutsitse ngakhale atalowa m'bwalo. Anaima pampanda n'kuona mphaka ali pamiyendo pa Shamimu.

"Akanapanda kulowa m'chigafa uyu, sitikanawerenga tinsomba tija," anatero. "Mtedza uli momwemo. Akafuna makoswe azibwera."

Abdulwahab anafunsa mkazi wake ngati mlendo abwerere m'chipinda chake, atsekeredwe. Shamimu anayang'ana kumsewu, komwe lole ina inkadutsa ikugwedeza malata a golosale. Kenako anasisita msana wa mphakayo.

"Mawa muitane kalipentala," anatero. "Aboole pansi pa chitseko, pongokwana iyeyu."