Tadeyo Aumitsa Njere za Oki

Tadeyo sananenepo kuti ndi katswiri wa mitengo. Anangotchula tsiku lina, akumwa tiyi ndi anzake potuluka m'tchalitchi, kuti kumudzi ankagwira ntchito ku ofesi ya zankhalango ku Dedza. Zinali zoona, kungoti ntchito yake inali yodinda makalata ndi kuyankha lamya. Anthu anamva zawozawo. Pofika chaka chake chachitatu ku Glasgow, Amalawi onse a mumpingomo ankamutcha a Zankhalango, iye n'kumangomwetulira.

Ndiye pamene mayi wina wa Chisikoti, dzina lake Emma, anabwera kudzapempha anthu okathandiza kutola njere za oki, zala zonse zinaloza Tadeyo. Emma anafotokoza kuti kunja kwa mzinda kuli nkhalango ya oki wamakolo wa dziko lino, mitengo ina ya zaka mazana anayi, koma ing'onoing'ono kulibe chifukwa agwape amadya mphukira zonse. Gulu lake limatola njere, kuzifesa ku nazale, kenako n'kukabzala mbande m'malo otchinga ndi mpanda.

Anapita Loweruka lina mu Okutobala, anthu asanu ndi anayi, kamvula kakuwaza. Anawerama tsiku lonse mpaka misana kuwawa, ndipo anadzaza matumba awiri. Nazale inali yotseka mpaka Lachinayi, Emma naye anali ndi ulendo wokaona mayi ake odwala. Anapereka matumbawo kwa Tadeyo pamodzi ndi kapepala ka malangizo.

"Inu ndiye simufunika kuuzidwa," anatero Emma.

Tadeyo anapinda kapepalako n'kuponya m'thumba la jekete.

Atafika kunyumba ku Dennistoun anapeza njere zili chinyontho chokhachokha. Mwana aliyense wa mlimi amadziwa kuti mbewu yonyowa imaola. Anayala manyuzipepala pansi pa hita, n'kumwaza njerezo ngati mtedza, hitayo n'kuikweza. Mkazi wake Sabina, yemwe ndi namwino, anapeza pabalaza palibe poponda.

"Abambo a Atusaye, nyumba mwaisandutsa chigafa?"

"Masiku asanu okha. Mbewu imafuna kuuma."

M'mawa uliwonse asanapite kuntchito yake yosamalira okalamba ankazitembenuza ndi manja, mtima uli mbee.

Lachitatu masana, akufunafuna khadi la basi m'jekete, anatulutsa kapepala kaja. Mzere woyamba unati njerezi zisungidwe pozizira, zikhale ndi chinyontho. Wachiwiri unati njere ya oki ikauma ndiye kuti yafa. Tadeyo anakhala pansi. Anatola imodzi n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo inalira m'kati ngati chisekese. Zambiri makoko anali atang'aluka.

Anaganiza za anthu asanu ndi anayi aja, makamaka a Lucius, mkulu wa mpingo, amene anagwada m'matope ndi bondo lawo lovuta lija. Anakokolola njere zonse n'kuzibisa m'kabati ya nsapato. Kenako anatenga matumba aja n'kuthamangira ku paki yapafupi, kumene kunali mtengo waukulu wa oki pafupi ndi dziwe la abakha. Anatola mothamanga, akucheukacheuka ngati wakuba nkhuku.

Sabina atabwera kuntchito anayang'ana matumbawo, n'kuyang'ana matope a pathalauzi la mwamuna wake.

"Izi mwazitenga kuti?"

"Oki ndi oki basi," anayankha Tadeyo, maso ali ku khoma.

"Chabwino. Mudziwa nokha."

Lachinayi a Lucius ndi amene anamutenga pa galimoto yawo. Ku nazale Emma anamasula thumba loyamba akuseka, koma atapisa dzanja kusekako kunatha. Anatulutsa njere ina imene inali ikadali m'kachipewa kake. Kachipewako kanali kanyankhalala ngati tsitsi losapesa, pamene za kunkhalango zija zipewa zake zinali zosalala.

"Zonsezi ndi za kunkhalango kuja?" anafunsa Emma.

"Eya," anatero Tadeyo.

Emma anaitembenuza njereyo m'manja. Kenako anafotokoza kuti umenewu ndi oki wachilendo, wochokera kumaiko ena, umene anthu ankabzala m'mapaki kuti uzikongoletsa. Ngati uli m'nkhalango muja iye osadziwa, ndiye kuti njere za kumeneko sangazikhulupirirenso. Ayenera kuuza anzake kuti asiye kutolako, ndipo mbande za chaka chatha azipatule kaye mpaka aufufuze mtengowo.

"Ndalakwitsa ndine," anatero mayiyo. "Ndinkayesa kuti nkhalango ija ndikuidziwa."

Apa Tadeyo anaulula. Analankhula m'Chingerezi choduladula, maso ali pa nsapato. Ananena za hita, za kapepala kamene sanawerenge, za ku paki. Ananenanso kuti ku Dedza anali kalaliki chabe, sanafesepo mtengo ngakhale umodzi. A Lucius anavula chipewa n'kuyamba kuchiyang'ana m'kati ngati muli kanthu.

Emma sananene kuti palibe kanthu. Nkhope yake inafiira, ndipo anangofunsa kuti, "Zenizenizo munataya?"

"Ayi, zili m'kabati."

"Kazitengeni."

Ulendo wopita ndi wobwera a Lucius sanayatse ngakhale wailesi. Pa maloboti ena anangoti, "Achimwene, ifenso tinakukwezani tokha mumtengo," ndipo Tadeyo analakalaka akanangomukalipira.

Emma anathira njerezo m'ndowa zamadzi. Anati zamoyo zimamira, zakufa zimayandama. Zinayandama mpaka madzi osaoneka. Atayoola zapamwamba, pansi panatsala zodzaza mbale imodzi yokha, mwina zimene zinali kutali ndi hita. Mayiyo anati mitengo ija simabereka chonchi chaka chilichonse, mwina padutsa zaka zinayi kapena zisanu. Ananena mosakweza mawu, akutsanula madzi, osayang'ana munthu.

"Loweruka ndingapitenso?" anafunsa Tadeyo.

"Agologolo ndi mbalame atha kale zambiri. Koma ine ndipita. Basi imanyamuka itangokwana eyiti."

Loweruka Sabina anasinthana shifiti ndi mnzake n'kupita nawo, osafunsa chilichonse. Masamba anali atagwa ambiri, ndiye ankachita kufukula ndi zala, ndipo njere zochuluka zinali zoboola ndi mphutsi. Tadeyo akapeza yooneka bwino ankapita nayo kwa Emma kuti aione kaye. Kachisanu mayiyo anamuuza kuti asiye kumuvutitsa, azingoponya m'ndowa. Pofika madzulo anali atatola theka la ndowa, ndipo Emma anaitenga yekha kupita nayo kwawo.