Dzina la Mayi Fumie pa Chimbale

Mayi Fumie Kurihara anali atangomaliza kusambitsa amuna awo, a Tetsuzo, pamene belu la pakhomo linalira. Msana unkawawa. Chifereni ziwalo bambowo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ntchito yonse ya m'kanyumba kawo ku Koenji inagwera mayiwo.

Mlendoyo anali a Morioka, bambo wadazi wa ku kampani yotulutsanso nyimbo zakale. Atavula nsapato, anasolola m'chikwama chimbale cha nyimbo za jazi, chikuto chake chitathetheka m'makona.

"Mukuchikumbukira, mayi?"

Akanachiiwala bwanji? Anachijambula mu 1974, masana ena otentha, m'chipinda chapansi ku Shinjuku: iwo pa piyano, a Tetsuzo pa ng'oma, ndi woliza lipenga wina wa ku Jeremani amene sankamva Chijapani n'pang'ono pomwe. Panalibe nyimbo yokonzeratu. Aliyense ankangotchera khutu kwa mnzake n'kumuyankha. Pachikuto analembapo mayina a amuna awiriwo, koma pa piyano anangoti "mlendo".

"Anthu akuchisakasaka dziko lonse," anatero a Morioka. "Tikufuna tichitulutsenso, dzina lanu lili pamwamba. Tsiku lochikhazikitsa mudzatiimbireko."

Mayi Fumie anatambasula zala zawo zotupa. "Ndi izi? Ngakhale botolo zimakanika kutsekula."

"Mphindi zisanu zokha, mayi."

"Nanga odwalawa adzatsala ndi ndani? Inuyo?"

A Morioka anaseka mwamanyazi, n'kupempha kuti angochimvako pang'ono. Mayi Fumie anafukula galamafoni pansi pa mulu wa zochapa. Piyano itangoyamba kulira ngati matalala pamalata, mawu olemera a Tetsuzo anamveka kuchipinda.

"Fumie! Pamenepo unathamanga nayo nyimbo!"

"Mwayamba liti kumva, bambo inu?" anayankha mayiwo. "Ndikamakuitanirani mankhwala mumasanduka gonthi."

"Unathamanga basi!"

Mayi Fumie anamvetsera mbali yoyamba yonse ali chiimire, thaulo lili paphewa. Anadabwa kuti mtsikana wa pa piyanoyo, iwo omwe kalelo, mphamvu zonsezo ankazitenga kuti. Sanamve chisoni kapena kunyada. Pepala lachilolezo limene a Morioka anabweretsa anadindapo chidindo chawo, za kukaimba anakana.

Chimbale chatsopano chinafika nyengo yozizira, dzina lawo litalembedwa bwinobwino. Kuyambira pamenepo a Tetsuzo ankafuna kuchimva m'mawa uliwonse asanadye, ndipo malo omwe aja ankakuwa chimodzimodzi. Mayi Fumie anasiya kuyankha. Ankangochitembenuza chikatha, n'kupita kukayanika zofunda.