Cedric Akazinga Yekha Mazira

Mayi Jacinta anatsika sitima ku Hyattsville, ku America, kutada kale. Kuzizira kwa Januwale, misewu yachilendo. Nyumbayo anaipeza movutikira.

Mwana wawo Cedric, wazaka makumi atatu, anabadwa ndi ulumali wotchedwa Down syndrome. Moyo wake wonse omusambitsa ndi kumuphikira anali iwowo. Msana utayamba kuwavuta, anavomera kuti akakhale m'nyumba zija munthu waulumali amakhala payekha koma ali ndi womuthandiza. Tsiku losamuka linawapeza ali kumaliro ku Zomba. Apa kanali koyamba kudzamuona.

Anatsegula chitseko ndi Cedric yemwe. Anawakumbatira, n'kuthamangira kukhitchini. Mazira anali pamoto. Pambali pake mtsikana atakhala pampando, akungoyang'ana.

Mtima unawawawa mayiwo.

"Womusamalira ndinu?"

"Ndine, amayi. Mwenya, wa ku Lusaka. Mwayenda bwanji?"

"Mwana wanga ali pamoto, inu muli phee? Kwathu munthu wotere sagwira ntchito wina akuonerera. Cedric, longedza. Tikupita kwathu ku Lanham."

Cedric anazimitsa chitofu.

Mwenya anaimirira mwaulemu. "Naine poyamba nenze kumuchitila vonse, amayi. Kuntchito anandidzudzula. Lamulo la muno ndi lakuti zimene angathe, achite yekha. Kuphikaku anapempha ndi iye. Ine maso anga ali pamotopo."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti si ulesi chabe?"

"Mufunseni mwini wake. Ine nditulukeko."

Atatsala awiri, Mayi Jacinta anamugwira dzanja. "Akukusamala bwino, bambo anga?"

"Ndili ndi kiyi wangawanga, Mom."

"Ukudya?"

Anadzisisita pamimba. "Simukuona?"

Anaseka onse. Kenaka Cedric anatsitsa mawu. "Koma wondithandiza wina, wobwera Lamlungu uja, amalowa kuchipinda kwanga osagogoda. Kutchalitchi amati n'kutali, tizingoonera TV."

Mwenya atabwerera, Cedric anabwereza zomwezo. Mayi Jacinta anagwedeza mutu.

"Zimenezo zithere pompano. Munthu wokusungira mwana sumudandaula. Angadane naye."

"Ayi amayi, chonena ndiye chimenecho," anatero Mwenya. "Mazira si vuto. Chipindacho ndi chake, wolowa agogode. Kupemphera ndi ufulu wake. Cedric ali ndi munthu woyang'anira chisamaliro chake chonse, si wa kampani yathu. Muimbireni. Kumubwezera munthu chifukwa wadandaula n'koletsedwa. Ndipo mukadzaona mabala, njala, kumutsekera m'nyumba kapena kudumphitsa mankhwala, osadikira. Imbani tsiku lomwelo ku ofesi ya boma yoteteza anthu akuluakulu osatha kudziteteza."

Anaimba pomwepo. Foni sinayankhidwe, anasiya uthenga. Amene analankhula anali Cedric, pang'onopang'ono, m'Chingelezi chake. Mayi ake anadziletsa kumumalizira mawu. Zinali zovuta kuposa kumusambitsa zaka zonse zija.

Mazira anadya atazizira. Mchere unali wambiri. Sanasiyeko.

Mayi Jacinta anagona pasofa. M'mawa kusanayere bwino, foni ya Cedric inalira. Woyang'anira uja anali atayankha: wa Lamlungu alankhula naye lero lomwe, ndipo sabata ino Cedric apita kutchalitchi.

"Ndiye ndilongedze?" Cedric anafunsa.

"Ayi. Kwanu ndi kuno."

Anawaperekeza mpaka pamsewu, monga amachitira mwini nyumba. Anawakonzera mpango m'khosi.

"Mukafika muimbe, Mom. Ndisade nkhawa."

Mayi Jacinta anatembenuka msanga kuti asawaone misozi, nalunjika kusitima.

Chisamaliro chabwino si kumuchitira munthu zonse. Ndi kumuthandiza kuti achite zimene angathe, asankhe yekha, ndipo alemekezedwe m'nyumba mwake. Ngati m'bale wanu akukhala m'nyumba zoterezi, muzimuyendera, muzimufunsa ali yekha, ndipo chikalakwika nenani. Kudandaula si mwano. Ndi kumuteteza.