Tsitsi la Apongozi

"Ndibwezere kugalimoto, Narelle. Ndasintha maganizo."

"Tafika kale, Amayi. Khomo ndi ili," anayankha Narelle akukankha chikuku pakamtunda kolowera mu holo ya tchalitchi. Mphepo ya ku Ballarat inkalowa mpaka m'mafupa, ndipo mayi ake, a Glenys, anali atafinyira mpango pakamwa ndi dzanja lawo lomwe linkagwirabe ntchito.

Mpangowo sunali wa chisanu. Chiwagwireni sitiroko chaka chatha, mbali yakumanzere ya nkhope yawo inagwa. Diso linalendewera, pakamwa panapotoka, ndipo malovu ankangodontha okha. Mayi amene anathera moyo wake mu saluni akukonza tsitsi la akazi a m'tauniyi, wosatuluka pakhomo asanapake milomo, tsopano ankakana ngakhale kukhala pakhonde. Limeneli linali tsiku loyamba kuvomera kuonekera kwa anthu, ndipo Narelle ankadziwa kuti likalakwika, lachiwiri silidzakhalapo.

Amene anawalimbitsa mtima anali Warwick, mwamuna wa Narelle. Zaka zonse za banja lawo, Warwick ndi apongozi ake ankangopatsana moni wa pamsewu. Koma miyezi yapitayi munthu uja anasintha. Akaweruka kuntchito ankakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi lawo, kuwamwetsa tiyi, kuwapukuta pachibwano, mpaka kuwapesa tsitsi lawo lalitali la imvi.

"Mwamuna wakoyu amandiyang'ana osathawitsa maso," anatero a Glenys tsiku lina, mawu akutuluka mokoka. "Ngati iye sanyansidwa nane, kapena enanso sanganyansidwe."

Narelle anakalira kubafa tsiku limenelo, kulira kwa chisangalalo, ndipo anamukhululukira mwamuna wake zambiri. Zokhululukazo zinalipo ndithu. Warwick anali m'gulu la anthu osewera masewera a patebulo, a mizukwa ndi ofukula mitembo m'misewu yankhungu ya London wamakedzana. Ankagula tidole totalika ngati chala, n'kutidula mitu, kutimata manja a tinzake, kutiumbira nkhope zatsopano ndi dongo lobiriwira, kenako kutipenta. Patebulo lodyera pankangoti mbwee timiyendo ndi timitu. Kapu iliyonse m'nyumbamo inali itasungapo madzi otuwa otsukira burashi. Choipitsitsa n'chakuti ankanyambita burashiyo kuti isongoke, akatero n'kubwera kudzamupsompsona ndi milomo yooneka ngati chiwindi. Narelle zinkamunyansa, koma ankati bola zimenezi kusiyana ndi mowa.

Lero gululo linali ndi mpikisano wake wa pachaka. Warwick anali atawauza kuti asavutike kubwera, ati kumangodzaza madoda onunkha thukuta. A Glenys ndiwo anaumirira. Anati munthu amene wawachitira zazikulu chonchi ayenera kuomberedwa m'manja, ngakhale ndi dzanja limodzi. M'mawa anaitanitsa chopaka milomo n'kudzipaka okha.

Pakhomo anawalandira Dimitri, mkulu wa gululo, mwamuna wamimba amene ankagulitsa nsomba ndi tchipisi pafupi ndi siteshoni.

"Abale, dzuwa latulukira kuti lero? Mkazi wa Warwick pakati pa ife ana a ndevu?"

"Ndabwera kudzaona kumene makapu anga amathera," anatero Narelle.

"Makapu okha ukudandaula? Mkazi wanga mpaka lero akufunafuna sefa yake ya ufa. Ndinasefera mchenga wa kumanda."

"Awa ndi amayi anga."

"Takulandirani, mayi. Khalani apa pali chotenthetsera, mkazi wanga akupatseni tiyi ndi sikono. Za sefazo musamuuze."

A Glenys anagwedeza mutu kuseri kwa mpango. Narelle anawasiya m'manja mwa mkazi wa Dimitri kuti akayambe wapeza Warwick. Anadutsa pakati pa matebulo odzaza timisewu, timanda ndi tinyale, Dimitri ali patsogolo, pakamwa posapuma.

"Mwamuna wako watimaliza chaka chino. Enafe tangobwera kudzaperekeza. Anagula kagogo kogulitsa maluwa, kosalakwa kanthu. Anakadula mutu n'kuumba wina. Akuti ndi Nkhalamba ya M'ngalande, imene imatulukira pa dzenje la zonyansa kudzakoka ana miyendo. Tsitsilo ndi lenileni, wabzala limodzilimodzi. Tikamufunsa kumene walitenga, akungoseka. Woweruza wina atakaona wasiya soseji yake pambale."

Panali kagulu ka anthu kataunjirira tebulo lakumapeto. Dimitri anawakankha ndi mimba, n'kumukokera Narelle pa galasi lokulitsa zinthu limene linaikidwa patsogolo pa kadoleko.

Narelle anawerama n'kusuzumira.

Mayi ake ankatuluka m'ngalande. Diso lolendewera lija linali pomwepo, lofiira m'munsi monga limakhalira m'mawa. Pakamwa panapotokera kumanzere. Kanjerewere ka pachibwano kanalipo, ndipo pambali pake pankatsetsereka dontho la malovu lopangidwa ndi guluu wonyezimira. Dzanja lamanzere linali lopinimbira pachifuwa, lamanja litagwira nsapato ya mwana. Nsanza imene kanafunda inali ya maluwa ofiirira, yodulidwa ku diresi yogonera imene Narelle ankayesa kuti inang'ambika m'makina ochapira. Ndipo tsitsi la imvi lija, limene iye mwini ankalitsuka Lamlungu lililonse, linali litapakidwa zobiriwira kuti lioneke ngati lanyowa ndi madzi a m'chimbudzi.

Narelle anachotsa diso pagalasipo. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Waona? Ndinakuuza," anatero Dimitri mokondwa. "Aliyense kakumutembenuza m'mimba. Ndikawatenge amayi, nawonso aone ntchito ya mkamwini."

Narelle sanamumve. Maso ake anali pa Warwick, amene ankabwera atanyamula kapu ya tiyi, nkhope itayera ngati wakumana ndi mzukwa weniweni.

"Ukutani kuno? Ndinati musabwere."

"N'chifukwa chake unkawapesa?"

"Tsitsa mawu, Narelle."

"Ndakufunsa. Unkawapesa kuti uzitola tsitsi m'chipeso?"

Warwick anamukokera pambali pang'ono. Pamlomo pake panali kadontho ka penti wotuwa.

"Tamvera. Sindinafune kuwanyoza. Nkhope ngati imeneyo sungaipeke m'mutu. Ndinayesa zithunzi za pa intaneti, sizinatheke. Minofu ikafa imagwa mwa njira yakeyake, umayenera kuionera pafupi, pakuwala kosiyanasiyana."

"Minofu ikafa," anabwereza Narelle. "Ukunena amayi anga."

"Palibe akuwadziwa muno. Ndipo tiyi ndinkawamwetsadi, si choncho? Anasangalala, iwenso unapumako. Waluza ndani?"

"Galu wamkota sakandira pachabe. Ine chitsiru ndinakalira kubafa, ndimvekere Mulungu wandisinthira mwamuna. Kachotse pamenepo."

"Oweruza sanamalize. Angolemba zawo basi, ndikabisa m'bokosi. Ntchito ya miyezi imeneyi, Narelle."

Ankanena zimenezi akumuyang'ana m'maso, mofatsa, ngati munthu wopempha chinthu chanzeru. Narelle anamva khungu lake likunyerenyetsa paliponse pamene manja amenewo anamugwirapo.

Kenako anamva kulira kwa tayala la chikuku.

Dimitri ankakankha chakumbuyo, akuuza anthu kuti apatuke, osadziwa chimene wanyamula. Mpango uja unali pamiyendo ya a Glenys pamodzi ndi nyenyeswa za sikono. Anauvula kuti adye, ndipo mkazi wa Dimitri atawayamikira tsitsi, sanaubwezeretsenso. Ankabwera nkhope ili pamtunda, milomo yofiira, akumwetulira ndi theka la pakamwa limene linkawamvera.

Phokoso la patebulopo linazima. Anthu anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana kadole, kenako aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake.

Narelle anatambasula dzanja n'kukatsomphola kadoleko. Kawaya kamene kanakagwiriziza kanamubaya pachikhatho, koma anafumbata zolimba n'kubisa dzanjalo m'thumba la jekete.

"Palibe choona apa, Amayi. Tiyeni uko kuli timanyumba tokongola."

A Glenys sanali kuyang'ana patebulo. Pakhoma, pamwamba pa mitu ya anthu, panali kanema wamkulu amene ankaonetsa zithunzi za tidole tonse ta mpikisano, kamodzikamodzi, kuti okhala kutali aziona bwino. Chithunzi cha wapolisi wopanda mutu chinachoka. Panabwera Nkhalamba ya M'ngalande, nkhope yake yaikulu ngati chitseko.

Wina anathamanga kukasaka pozimitsira, koma sanapapeze msanga. A Glenys anayang'ana chithunzicho mpaka chinasintha chokha. Kumwetulira kuja kunatsalira pankhope kanthawi, ngati kwasowa kolowera.

"Mzere walakwitsa," anatero pamapeto pake. "Ine tsitsi ndimagawira kumanja."

Palibe anaseka. Dimitri anali atazungulira kutsogolo, ndipo atawaona kumaso anagwira pakamwa.

"A Glenys, ndikufotokozereni," anayamba Warwick.

"Ndinkayesa umandiyang'ana chifukwa sindikunyansa," anatero mayiwo pang'onopang'ono, akulimbana ndi liwu lililonse. "Kani unkandiyang'ana chifukwa ndimanyansa bwino."

Anatola mpango pamiyendo, n'kuukweza mpaka m'munsi mwa maso.

Narelle anawakankha kubwerera kugalimoto. Atafika kunyumba, a Glenys anapempha kuti akhale pakati pa khitchini, thaulo lili m'khosi. Anaitanitsa lumo lawo lakale la ku saluni, limene ankalisunga m'kachikwama kachikopa.

"Meta lonse."

"Amayi, tsitsi lanu lokongolali? Lalakwa chiyani?"

"Meta. Asapezenso chotola."

Narelle anameta, misozi ikugwera pa thaulo. Mayi ake ankamuwongolera ndi chala, apa fupikitsa, apa wasiya, monga ankachitira ndi atsikana ophunzira ntchito. Atamaliza anasesa tsitsi lonse, osasiya ndi limodzi lomwe, n'kulikulunga mu nyuzipepala pamodzi ndi chipeso ndi kadole kaja. Anaponya phukusilo m'mbaula ya nkhuni ya pabalaza. Kenako anasamba m'manja ndi sopo wotsukira mbale, kubwerezabwereza, koma ankamvabe ngati mwatsala guluu.

Warwick anafika dzuwa litapendeka. Sanawatsatire nthawi yomweyo chifukwa anatsala kuti amve zotsatira, zimene oweruza anagamula poona zithunzi. Nsonga ya riboni yopatsidwa kwa wopambana inkasuzumira m'thumba la malaya ake, ngakhale anayesetsa kuipinda. Anapeza Narelle ataima pakhomo lakumbuyo, chikwama cha zovala ndi bulangeti zili pamapazi pake.

"Ndalakwa, ndavomera," anatero. "Ndilowe ndikawapepese. Ndiwapangira tiyi."

"Kuchipinda kwawo sudzalowakonso."

"Chabwino, mtima ukhale kaye pansi. Mawa tikambirana." Anakanda kumutu, n'kuyang'ana thumba la jekete ya mkazi wake. "Nanga kaja ukali nako? Sikanathyoke?"

Narelle anamuyang'ana nthawi yaitali, osathawitsa maso, mpaka mwamunayo anayamba kupondaponda.

"Ukulimva fungolo?"

Warwick ananunkhiza. Utsi wa pa chumuni unkatsikira pabwalo, ukununkha tsitsi lopserera ndi pulasitiki.

Narelle anakankha chikwamacho ndi phazi, n'kuloza kashedi kakuseri kumene Warwick ankasungira mabokosi a tidole take.

"Ukagone ndi anthu ako. Amenewo ungawadule mitu mmene ungafunire."

Anatseka chitseko n'kukhoma. Atalowa kuchipinda kwa mayi ake anapeza akoka kale katani ndi ndodo yawo, agona chotembenukira kukhoma, mutu wometa uli pa pilo. Chopaka milomo chija chinali m'bini.

"Chikukucho chikutsekereza njira," anatero a Glenys osatembenuka. "Kachisunge ku galaja. Sindikupitanso kulikonse."

Narelle anachipinda, n'kuchikankhira panja.