Kamphira ka Wotchi ya Shukuru

"Usatsegule chinthucho, Shukuru. Ndati usatsegule!"

Ndinalankhula ndili pakhonde ndikupeta mpunga, iye ali pamkeka patsinde pa mango, wotchi yake ya m'madzi ili pantchafu. Shukuru ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya. Ntchito yake inali yolowa pansi pa nyanja ndi botolo la mpweya kumsana, kukagwira tinsomba ta mbuna tamawangamawanga toti anthu akunja azitiika m'magalasi n'kumangotiyang'ana, osadya ayi. Wotchiyo si yoonera nthawi yopemphera swala. Mwini wakeyo ndiye anandiuza kuti imamuuza kuya kumene wafika, nthawi imene wakhala pansipo, ndi poti aime kaye pokwera kuti magazi asachite thovu. Tsono batire lake linali litatha.

"Agogo, inu chilichonse n'choopsa," anatero osadzutsa mutu. "Kabaza woopsa, foni yoopsa, ngakhale fani mumati itidula makutu."

"Abwana ako anati chiyani?"

"Anati ipite ku Lilongwe kwa odziwa. Ikagone kumeneko mwezi, ine ndili khale pamtunda anzanga akugwira ntchito? Batire ndagula kale paboma. N'chimodzimodzi la sikelo ya mumsika basi."

Mkazi wake Hidaya anasuzumira kuchokera kukhitchini akuseka. "Asiyeni agogo, bambo a Sumaiya ndi injiniya. Wailesi ija anakonza ndani?"

"Wailesi ikafa munthu amafa nayo?" ndinamufunsa. Anabweza mutu wake.

Mwera unali ukuwomba tsikulo, mchenga uli fuu pabwalo ponse. Shukuru anatenga ndalama yachitsulo, n'kupotokola kachivindikiro kakumbuyo. Katatseguka, panagwa kamphira kakuda kozungulira, kowonda ngati ulusi. Kanagwera mumchenga, ndinakaona ndi maso angawa. Anakatola, kukauzira, kukapukuta pakabudula. Ataika batire latsopano, kamphira kaja kanakana kukhala m'malo mwake. Kanali katatamuka. Akakanikiza uku, kanatumphuka uko.

"Waona? Chakana. Kulunga m'kansalu upite nacho kwa abwana ako."

Anadzuka pamkeka paja. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi lezala ndi supagulu. Anadulako kachidutswa pa kamphira kaja, n'kumata nsonga ziwirizo.

"Iwe! Imeneyo ndi patapata? Moyo wako ukuumata ngati patapata?"

"Zigwira izi, agogo. Supagulu amagwira ndi chitsulo chomwe."

Atatseka, anakaviika wotchiyo mu ndowa yanga ya madzi akumwa, osapempha n'komwe. Anaivuula, n'kundiyandikizira kumaso. "Onani manambala. Kadontho kalowa?"

"Manambala ako ine sindiwadziwa. Nyanja si ndowa. Inanditengera mlongo wanga imeneyi, munthu wodziwa kusambira kuposa iwe."

"Mwayambanso za agogo aamuna aja."

Wallahi, ndikanakhala ndi mphamvu za kale ndikanamulanda chinthucho n'kuchiponya m'chimbudzi. Ndinamukokera Hidaya kuseri, ndikuti bisa wotchiyo, unene kuti mwana waitaya. Iye akuti, "Agogo, mukufuna andimenye?" M'mawa ndinaima pachipata. Shukuru anandizungulira ngati chitsa, akuimba likhweru, wotchi ili pamkono.

Dzuwa litapendeka kunabwera Masautso, amene amayendetsa boti lawo. Anafika wopanda nsapato, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, tiyeni kuchipatala paboma. A Shukuru miyendo yawafera."

Zonse anandifotokozera tili pamsana pa galimoto. Anapita kuseri kwa chilumba, kumene kuli nsomba zapansi kwambiri. Shukuru atafika pansi, wotchi inachita chifunga mkati, kenaka n'kuzima. Munthu wanzeru akanayamba kukwera pomwepo pang'onopang'ono. Iye ayi, nsomba zinali zitayamba kulowa mu ukonde, anati amalize kaye. Poti azindikire, mpweya m'botolo unali ukutha, ndipo sankadziwa kuti wakhalitsa bwanji. Anathamangira kumwamba ngati chilombo cha m'madzi chikamuthamangitsa.

"Nsomba zimene timagwirazo sitizikweza choncho," anatero Masautso. "Timaziika m'migolo n'kumazikweza pang'onopang'ono, apo ayi zimatupa mimba n'kufa. A Shukuru ndiwo amatikalipira tikafulumira nazo."

"Ndiye nsomba anazisamala, thupi lake n'kulizula ngati chinangwa?"

Masautso anangoyang'ana kumbali. Akuti Shukuru atakwera m'boti ankaseka, n'kumaonetsa anzake madzi akuyendayenda m'galasi la wotchi. Asanafike kumtunda anayamba kulira phewa, kenaka msana. Potsika m'boti anagwa chafufumimba m'madzi ofika m'mawondo.

Ndinamupeza pabedi, chinthu cha mpweya chili pamphuno. Hidaya anali pambali akulira, Sumaiya kumsana. Adokotala anatiuza kuti thovu lija lafika mumtsempha wamsana, ndipo chipangizo chochizira zoterezi kuno kulibe. Iwo achita zimene angathe, zotsalazo tidikire.

Anthu akuti ndikanayamba ndi pepani. Ndinalephera. Mawu anatuluka okha.

"Ndinati chiyani, Shukuru? Ndinati chiyani ine? Mwezi umodzi wokhala pamtunda unaukana!"

"Agogo, chonde, anthu akumva," anatero Hidaya.

"Amve! Iwenso khala chete, ndi injiniya wakoyo."

Shukuru anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinamugwira chala chakuphazi, n'kuchitsina mwamphamvu, dala, kuti akuwe. Sanakuwe. Sanadziwe n'komwe kuti ndamugwira. Pamenepo ndinakhala pansi pasimenti.

Mvula yagwa, mpunga wa ku Lifuwu wakololedwa. Mwendo wakumanja wa Shukuru unabwerera pang'ono, wakumanzere amaukoka. Kumzikiti amapita ndi ndodo, swala amapemphera atakhala pampando pamodzi ndi nkhalamba. Pa ntchito ija abwana ake anaikapo munthu wina. Masiku ano amasoka maukonde a eni ake, ndipo kukasamba kunyanja sapita, Hidaya amamutungira madzi n'kumuikira kubafa, n'kumugwira mkono polowa.